Nkhope ndi Mawu a Paidi

Palasa, 6 Malichi 2003

Mlongo wanga Varahalu,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi alamu anga ndi ana, m'chisanu chanu cha ku Michigan chija umachitama ngati unachigula wekha. Ife kuno tili bwino, kupatula mawondo anga. Mafuta opaka unanditumizira aja atha. Ngati alipo akubwera kuno, umuikire m'chikwama. Pa foni sindikumva bwino masiku ano, ndipo iwe ukaimba umalankhula maso ali pa wotchi, ndiye ndati ndilembe.

Nkhani ndi ya mwana wanga Paidi. Ntchito yake ya ku Hyderabad umangoimva kuti ndi ya mafilimu, koma sunafunsepo kuti amachita chiyani. Amabwereketsa mawu. Eni mafilimu amakatenga atsikana oyera khungu ku Mumbai ndi ku Punjab, osadziwa ngakhale kupempha madzi m'Chitelugu. Mtsikanayo amaima pamaso pa kamera n'kumawerenga manambala uku akugwetsa misozi. Kenako Paidi amalowa m'kachipinda, n'kuika mawu ake pamilomo ya mnzakeyo. Zaka zisanu ndi zitatu wakhala akufunsiridwa, kukwatiwa ndi kumwalira m'mafilimu, koma mumsewu palibe amamupatsa moni.

Mwezi watha anakangana ndi woyendetsa kagalimoto ka matayala atatu pageti la situdiyo. Ukudziwa kuti mwanayu akakwiya, Chitelugu cha ku Vijayawada chija amagwiritsa pantchito chimathawa, n'kutsala chathu cha kuno m'boma la Srikakulam. Mnyamata wina wotsogolera mafilimu, dzina lake Giridhar, anaima n'kumvetsera mpaka ndewu inatha. Tsiku lotsatira anamuitana.

Akupanga filimu ya chikondi ndi mabanja awiri. Mtsikana ndi wosenda mbibu m'fakitale ya kuno ku Palasa, mnyamata ndi wa banja lolemera la ku Guntur, ndipo amayi a mnyamatayo sakufuna. Mtsikanayo akhala Paidi. Aoneka ndi nkhope yake, khungu lake lija amayi athu ankati ndi la bwemba wakupsa, ndipo alankhula chilankhulo chathu, chomwe m'mafilimu amapatsa wantchito wa m'nyumba kapena chidakwa kuti anthu aseke.

Undiuze maganizo ako, ngakhale ndikuwadziwa kale.

Mlongo wako,
Appalanaidu


Troy, 2 Epulo 2003

Achimwene,

Moni kwa inu ndi onse a pakhomo. Mafuta ndatumiza mabotolo awiri, mupake pamawondo pokha, osati kugawira mudzi wonse. Mango akayamba mundikonzere achali, koma achepetse mchere.

Nkhani ya Paidi ndaiwerenga kawiri. Koyamba ndinasangalala. Kachiwiri ndinakhala pansi.

Za khungu sindikudandaula. Anthu a mafilimu ali ndi ufa wokwanira kuyeretsa njati. Koma chilankhulo, achimwene! Inu simunachokepo ku Palasa, simudziwa. Ine nditangofika kuno, paphwando langa loyamba, ndinangopempha madzi akumwa basi. Amayi a ku Vijayawada ndi ku Guntur anayang'anana, wina n'kufunsa kuti ndani wabwera ndi wantchito kuchokera kumudzi. Kuyambira tsiku limenelo lilime langa ndalikwecha ngati poto. Lero ndine mlembi wa komiti ya amayi m'bungwe lathu la Atelugu, ndipo onse amadziwa kuti kwathu ndi mumzinda wa Visakhapatnam, m'nyumba yosanja. Sindinaname kwambiri, sitima ya kwathu imadutsa komweko.

Tsono bungwe lomweli ndi limene limachita lendi holo yoonetsera mafilimu a Chitelugu kuno. Filimuyo idzafika, ndipo ine ndidzakhala pambali pa a Annapurna, wapampando wathu, mayi amene amamva kwawo kwa munthu pa moni wokha. Mukufuna ndidzalowe pansi pa mpando?

Mumuuze mtsikanayo kuti alankhule mmene amawalankhulira atsikana a ku Mumbai aja. Mawuwo ndi ake omwe, sakubera munthu. Mulungu wamupatsa khomo, asalowe ndi matope.

Mlongo wanu,
Varahalu


Hyderabad, 20 Meyi 2003

Azakhali anga okondedwa,

Ndikugwira mapazi anu. Moni kwa amalume ndi asuweni anga. Bambo anandiwerengera kalata yanu pa foni, mokuwa, moti ndikukhulupirira kuti a ku positi onse anaimva.

Kujambula tamaliza. Ufa munanena uja anabweretsadi, chitini chachikulu, koma a Giridhar anaubweza. Mmalo mondiyeretsa anandidetsa manja, poti mukudziwa mmene mafuta a mbibu amawotchera zala za amayi a kufakitale. Mawu ndalowetsa kale, a kwathu, ndipo sindinagwirepo ntchito yosavuta chonchi.

Vuto labwera ndi mwini filimu, a Bapiraju. Ataonera anandiitana.

"Mwana wanga, ukulira bwino," anatero. "Koma ukatsegula pakamwa ndikumadikira kuti wina akutume tiyi."

"Bwana, anthu a kwathu amakondana m'chilankhulo chomwechi."

"Akondane, ine sindikuwaletsa. Koma matikiti amagula ndi a ku Guntur ndi a ku Amerika. Iwe si ndiwe katswiri? Lowanso m'kachipinda kako, udzipatse mawu aja umapatsa anzako."

A Giridhar anamenya tebulo, nati achotse dzina lawo pafilimuyo. A Bapiraju anati dzina lawo silinagulitsepo tikiti. Anakangana mpaka tiyi anazizira, kenako anagwirizana chinthu chimodzi. A Bapiraju amakhulupirira Amerika ngati mmene amakhulupirira wowerenga nyenyezi. Ndiye mlamu wawo, a Seshagiri, akubwera kumeneko ndi kaseti ya theka loyamba la filimu, kuti akaonetse bungwe lanu. Anthu akakaseka pamalo polira, ndilowanso m'kachipinda n'kufufuta mawu a kwathu. Ndikakana, alemba mtsikana wina kuti andilankhulire.

Azakhali, zaka zonsezi ndinali mawu opanda nkhope. Tsopano nkhope ndaipeza, akufuna ndiibwereke mawu, wobwereketsanso ndili ndemwe.

Ndikudziwa maganizo anu. Sindikupempha kuti muwasinthe. Ndikungopempha kuti pa tsikulo mukhale chete, musiye anthu aone okha. Ndili mwana munkandimanga tsitsi mukabwera kutchuthi, mukundinena kuti ndi lolimba ngati chingwe cha ngalawa, koma munkamanga ndithu.

Mwana wanu,
Paidi


Troy, 9 Juni 2003

Achimwene,

Moni. Achali wafika, mchere wachuluka.

Kalata ya Paidi ndalandira. Kaseti nayo yafika ndi a Seshagiri, bambo amene amadya ngati akulipidwa. Amayi a komiti taionera kunyumba kwa a Annapurna, ndipo ndamva zokwanira. Nkhaniyi tsopano ili m'manja mwanga. Chiweruzo chenicheni chidzakhala pa 5 Julaye m'holo, ndipo amene adzalowe m'holomo ndisankha ndine.

Mundiuze msanga: ndani a ku Palasa, ku Tekkali ndi ku Sompeta amene ali ndi ana kuno ku Michigan ndipo abwera kudzawaona chaka chino? Ndikufuna ndiwadziwe onse, asatsale ngakhale mmodzi.

Mtsikanayo mumuuze asandilemberenso zolira, ndipo asandiphunzitse kukhala chete. Adzaona kuti azakhali ake ndi ndani.

Varahalu


Hyderabad, 3 Julaye 2003

Azakhali,

Moni ndikupereka chifukwa bambo anandilera bwino.

Kalata yanu anditumizira. Akuti mwafunsa mayina a anthu a kwathu amene ali ku Michigan, kuti muwatsekere kunja kwa holo, asadzapezeke wina wokudziwani. Akuti sakutumizirani ngakhale dzina limodzi. Anakhala zaka zambiri ku positi, akuti kalata yonola mpeni amaidziwa asanaitsegule.

Musavutike, azakhali, mwapambana kale. A Seshagiri anauza a Bapiraju kuti amayi a komiti yanu anaseka mpaka wina kutaya mbale. A Bapiraju sanadikirenso za holo. Alipira kale situdiyo kuyambira pa 21 Julaye. Ndipita. Ndikapanda kupita, anthu a ku Palasa adzaona nkhope yanga ikulankhula ndi mawu a mlendo, ndipo zimenezo sindingathe kupirira. Kuli bwino ndidzinamize ndekha.

Chimodzi chokha ndinene, kenako mukandineneze kwa bambo. Mutabwera kumaliro a agogo, munalira masiku onse m'chilankhulo chathu. Palibe anakumvani mukulira m'Chitelugu cha ku Vijayawada. Pokwera sitima munachivalanso ngati nsapato. Ine ndimalipidwa kuti ndilankhule ngati munthu wina. Inu amakulipirani ndani?

Paidi


Hyderabad, 22 Julaye 2003

Bambo,

Ndikugwira mapazi anu. Mawondo ali bwanji? Khalani pansi musanawerenge, chifukwa inenso sindikumvetsa.

Dzulo ndinapita kusitudiyo monga ananenera. Ndinalowa m'kachipinda, n'kuvala zomvera za m'makutu. Nditayang'ana pagalasi ndinaona akuluakulu awiri amene asewera ngati makolo anga m'filimu, atakhala pabenchi ngati ana a sukulu. A Bapiraju analowa akutafuna masamba a tambula.

"Wavala zimenezo za chiyani? Vula. Lero ndiwe mphunzitsi."

"Bwana?"

"Amerika yalankhula. Iwe akuti usakhudzidwe, ngakhale liwu limodzi. Olakwa ndi awa. Akuti amayi akowa akulankhula ngati owerenga nkhani pa wailesi, ndipo bambo akowa ngati loya. Situdiyo ndalipira kale, sindingaitaye. Uwaphunzitse za kwanuzo, alowetsenso mawu awo onse."

A Giridhar anali pakhomo, pakamwa pali yasa. A Bapiraju anawatembenukira.

"Ukundiyang'ana chiyani, iwe? Ine ndinanena kuyambira pachiyambi kuti chilankhulo chimenechi chili ndi msika."

Palibe anawatsutsa. Munthu wolipira magetsi satsutsidwa.

Ndinayamba ndi amayi aja, mayi wamkulu amene wasewera mafilimu kuyambira ndisanabadwe. Ndinawauza chiganizo choyamba mwaulemu, pang'onopang'ono. Anandiyang'ana, n'kuchibweza mwachangu kundiposa, ndi kakukoka kaja ka kumapeto.

"Usandiphunzitse, mwana iwe," anatero. "Kwathu ndi ku Bobbili, kufupi ndi kwanu komweko. Chilankhulochi ndinachibisa m'sutikesi tsiku limene ndinafika ku Madras kukayamba mafilimu. Tiye, tsegula makinawo chisanathawenso."

Bambo aja ndiye ntchito ilipo, ndi a ku Nellore, lilime lawo limakhota kwina. Koma tifika.

Ndafunsa a Bapiraju kuti ku Amerika kunachitika chiyani. Akuti mlamu wawo anaimba foni n'kunena kuti anatsala pang'ono kung'ambiridwa malaya, ndipo anatchula mayi wina wa ku Palasa woopsa ngati mvula ya matalala. Bambo, ku Michigan kuli mayi wina wa ku Palasa kupatula azakhali? Mwalandirako kalata? Ine ndinawalembera zinthu zimene sindingabwereze pano.

Mwana wanu,
Paidi


Palasa, 4 Ogasiti 2003

Paidi mwana wanga,

Yankho lako lafika dzulo, m'thumba la a Dharmarao a ku Tekkali. Azakhali ako anawapatsa pamanja poganiza kuti ifulumira kuposa positi. Koma mkuluyu atatsika ndege anayamba wapita kukachisi wa ku Tirupati kukameta mpala, pothokoza kuti wapulumuka ku Amerika, kenako anakazungulira kwa ana ake aakazi onse. Ine ndinkati kalata ndimaidziwa ndisanaitsegule. Ya azakhali ako yofunsa mayina ija ndinaiwerenga chadodolido. Nayi ina, werenga wekha.

Bambo wako


Troy, 8 Julaye 2003

Achimwene,

Moni kwa nonse. Mayina ndinapempha aja simunatumize. Ndikudziwa chimene munaganiza, ndipo tidzakambirana ndikabwera. Pano mverani.

Tsiku lija kwa a Annapurna tinakhala amayi a komiti, mbale m'manja. Ine ndinapita nditakonzeka kunena kuti mawu asinthidwe. Filimu inayamba. Paidi anatuluka m'fakitale, manja akuda, n'kuuza mnyamata uja kuti asamamudikire pageti ngati mbuzi yosowa mwini. Achimwene, ndinamva mawu a amayi athu. A Annapurna anaseka mpaka mpunga unagwera pakapeti. Anayamba kumuyeserera, kukoka mawu, kupotoza milomo.

"Wantchito wa kwathu ankalankhula chonchi," anatero. "Tinkamusungira kapu yakeyake kuseri kwa nyumba. Ndiye uyu akwatiwe ndi mwana wa ku Guntur? Nkhope ngati pansi pa poto! Iwe Varahalu, kwanu ku Visakhapatnam mumawamva anthu amenewa?"

Ndinamwetulira. Koma ndikuuzeni, achimwene: kumunyoza mwana wa mlongo wanga ndi ufulu wanga. Ndinabadwa nawo. Annapurna anautenga kuti?

Ndinati, monga mlembi, amayi ochepa sangalankhulire Amerika yonse, tichite lendi holo. Ndinatchula Loweruka la pa 5 Julaye. A Annapurna anati zoseketsazo muonere nokha, ife tidzakhala kumsonkhano. Ndinkadziwa. Sabata imeneyo chaka chilichonse madokotala onse ndi akazi awo amapita kumsonkhano waukulu wa Atelugu, kukaonetsana ndolo ndi kufunira ana mabanja. Ngakhale achinyamata a makompyuta amathamangira komweko.

Ndiye amatsala ndani? Amatsala makolo a miyezi isanu ndi umodzi. Inu simuwadziwa. Mwana akabadwa kuno, amaitanitsa makolo kumudzi kuti adzalere ndi kuphika mpaka chilolezo chithe. Makolo a mkazi akanyamuka, a mwamuna akutsika. Galimoto sayendetsa, Chingerezi sadziwa, wailesi yakanema samva. Dzuwa likapendeka mumawaona m'misewu yathu, agogo atavala sari ndi nsapato zothamangira, agogo aamuna manja kumbuyo, akukankha kangolo ka mwana, osapita kulikonse. Zaka zonsezi ndakhala ndikuwadutsa pagalimoto.

Ulendo uno ndinaima. Ndinatsitsa galasi n'kufunsa mkulu wina kuti kwawo n'kuti. Ndinafunsa m'chilankhulo chathu, achimwene, ndipo chinatuluka chadzimbiri ngati loko wakale. Mkuluyo anagwira chitseko cha galimoto ngati akumira. Ndi a Dharmarao omwe akubweretserani kalatayi. Iwo anandilozera ena, enawo n'kundilozera ena. Si a kwathu okha. Ndinapeza a ku Warangal, a ku Kadapa, a ku Adilabad, onse amene ana awo amawauza kuti alendo akabwera asamalankhule kwambiri. Amuna anga anabwereka magalimoto aakulu awiri, tinawatuta ngati nthawi ya chisankho.

A Seshagiri ataona holo anakwinya nkhope.

"Mayi, awa ndi nkhalamba ndi makanda. Alamu anga akufuna maganizo a ogula matikiti."

"Bambo, mwadya kwanga sabata zinayi, tsono mverani," ndinatero. "Mukuganiza kuti kuno filimu ya Chitelugu amaonera ndani? Ana awo alibe kwina kowapititsa. Mathithi a Niagara munthu amaona kamodzi. Gogo mmodzi akati ndikufuna filimu, mwana, mpongozi ndi adzukulu onse amagula matikiti, chifukwa cha manyazi. Khalani apo."

Tinazimitsa magetsi. Paidi atangolankhula, m'holo munati zii, ngakhale makanda. Kenako a Dharmarao anaimirira kutsogolo, mutu wawo ukutchinga chithunzi.

"Uyu ndi mwana wa ndani?"

Ndinaimirira nanenso. Ndinati ndi wa Appalanaidu wa ku Palasa, amene anali ku positi, ndipo ine ndine zakhali wake, wobadwira kuseri kwa msika wa nsomba. Ndinanena mokweza, mwina mpaka kumsonkhano anamva.

"Ndiye khalani pansi nonse awiri, tione!" anakuwa gogo wina wa ku Warangal.

Anaseka, inde, koma poseketsa. Pamene amayi a mnyamata uja anauza Paidi kuti akasambe m'manja asanakhudze chakudya, iye n'kuyankha kuti uku si kuda, ndi ntchito, ndinamva mphuno zikufwenthedwa mbali zonse. Nsapato yothamangira inauluka n'kukamenya nsalu yoonetserapo. Mwini wake ndi gogo wa ku Warangal yemwe uja. Anandiuza pambuyo pake kuti mawu ena a kwathu sakuwamva, koma kukhala wantchito m'filimu iliyonse akukudziwa bwino.

Kaseti inathera pakati, Paidi ataima pasiteshoni. Magetsi atayaka anthu anawazinga a Seshagiri.

"Inayo ili kuti? Wabisa kuti, iwe?"

"Akwatirana kapena ayi? Ine ndikubwerera mwezi wamawa, ndiuze!"

A Dharmarao anawagwira kolala. "Ukamuuze mlamu wakoyo kuti mwanayu asamukhudze. Koma amayi akewo atani? Mwana wa ku Palasa angabadwe bwanji kwa mayi wa ku Vijayawada? Anachita kumutola?"

A Seshagiri anapempha foni yanga, ndipo aka kanali koyamba kuwaona atasiya mbale isanathe.

A Annapurna abwerako dzulo, nkhani anaipeza ikuwadikira. Tinakumana m'sitolo ya zakudya za kwathu.

"Varahalu, sindinkadziwa kuti ndinu a ku Palasa."

"Simunafunse bwino, mayi," ndinatero, ndipo ndinakoka mawu onse mpaka kumapeto. Mwina ulembi wanga watha. Palibe kanthu, mabungwe a Atelugu amagawikana chaka chilichonse, ndiyambitsa langa. Mamembala ndili nawo kale, kungoti amasintha miyezi isanu ndi umodzi iliyonse.

Mumuuze Paidi aime mowongoka akamajambulidwa, amawerama ngati inu.

Mlongo wanu,
Varahalu


Palasa, 13 Okutobala 2003

Mlongo wanga Varahalu,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi alamu anga, ana, ndi bungwe lako latsopano. Paidi akuti wakulembera kawiri kupepesa ndipo sunayankhe. Ine ndikuti usamuyankhe msanga, zimamuthandiza. Koma pa chikondwerero cha Dipavali umuimbire.

Filimu yafika kuno Lachisanu. Za ku Hyderabad ndi ku Guntur uwerenga m'nyuzi, akuti ikuyenda, ndipo a Bapiraju akuuza atolankhani kuti maganizo onse anali awo. Ine ndikuuza za kuno.

Eni mafakitale anakana kupereka tchuthi, ndiye amayi anangosiya mbibu pamatebulo masana n'kutuluka. Anadzaza mabenchi a kutsogolo, ena pansi, manja osasamba. Mwini holo anandisungira mpando wa kumbuyo, wa akuluakulu, koma ndi makutu angawa ndinakakhala nawo kutsogolo komweko, pafupi ndi chimkuzamawu.

Paidi atalankhula koyamba, anyamata angapo anaseka. Si chipongwe. Tinazolowera kuti chilankhulo chathu chikamveka m'filimu ndiye kuti nthawi yoseka yakwana, wina amenyedwa khofi posachedwa. Anaseka, n'kudikira khofiyo. Sinabwere. Kusekako kunazima kokha.

Pambali panga panali mayi wina wachikulire, dzina lake Gaviramma, amene wasenda mbibu mpaka zikhadabo zinatha. Sankandidziwa. Patapita nthawi anandigunda ndi chigongono.

"Bambo, mtsikana wakeyo afika liti?"

"Mtsikana uti?"

"Mwini filimu. Woyera uja. Uyu si mnzake womuperekeza?"

Ndinati tiyeni tione. Pa nthawi yopuma anandigundanso. Anati akuchedwa naye dala, atsika ndege theka lachiwiri, ndipo wathuyu amupezera dalaivala kapena amwalira. Amayi a pabenchi lonse anavomereza. Ankaonera ngati anthu osunga mwana wa eni, kumukonda koma osafuna kuzolowera. Chitseko chilichonse chikatseguka m'filimu ankati, ndi ameneyo. Kulowa wa positi. Kulowa wansembe. Kulowa amayi a mnyamata uja, atanyamula sari ya ukwati, n'kuiika m'manja akuda aja.

Ng'oma za ukwati zinalira. Mnyamata anaimirira ndi chingwe chachikasu cha ukwati, Paidi anaweramitsa mutu, ndipo anamumanga mfundo zitatu pakhosi. Gaviramma anayang'ana chitseko cha m'filimu, n'kuyang'ana chitseko cha holo, kenako anandigwira mkono.

"Bambo," anatero, "amuiwala woyerayo."

Ndinati, "Sanamuiwale, mayi. Mwini filimu ndi yemweyu."

Gaviramma anandisiya mkono. Kenako anakwera pabenchi, mayi wamkulu ngati ameneyo, n'kutembenukira holo yonse, manja onse m'mwamba.

"Ndi yemweyu, anthu inu! Kulibenso wina akubwera!"

Zimene zinanenedwa m'filimu kuchokera pamenepo sindinamve, ndipo ulendo uno vuto silinali makutu anga.

Mlongo wako,
Appalanaidu